Tinasiya sitolo zikuluzikulu n'kuyamba kugula pamsika: zimene zinatitayitsa ndalama chaka choyamba

Mu Novembala 2023, Reserve Bank itagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndalama imene banja lathu la anthu asanu linkagulira chakudya cha mwezi wonse inayamba kuthera m'sabata yachitatu. Chizolowezi chathu chinali chopita ku sitolo yaikulu kamodzi pamwezi, malipiro akangolowa, n'kutenga zonse konko: ufa wa m'mapaketi, mpunga, nkhuku za m'furiji, matimati okutidwa ndi pulasitiki, ngakhale masamba. Kumapeto kwa mwezi umenewo ndinafika polipira ndalama n'kuperewera. Ndinabweza katundu mmodzimmodzi ana akuona, anthu a pamzere akudikira. Ndinatuluka mtima ukuwawa, ndipo njira yonse yobwerera kunyumba palibe amene anayankhula.

Usiku womwewo tinakhala pansi ndi bambo a ana. Loweruka m'mawa ndi nthawi yanga yothamanga mtunda wautali, ndipo sindinkafuna kuitaya, chifukwa pa sabata yonse ndi pokhapo pamene mutu wanga umapuma. Tinagwirizana kuti ndizinyamuka ku Chilomoni mbandakucha, kudutsa m'tauni, kutsata msewu wa Masauko Chipembere kudzera pa Ginnery Corner ndi pa Kamuzu Stadium mpaka ku Limbe, n'kukathera pamsika katundu akungotsitsidwa kumene. Pa wotchi yanga ndi makilomita 13, ndipo chakumapeto kwake n'kokwera. Koma miyezi inayi yoyambirira tinataya ndalama zambiri kuposa zimene tinapulumutsa, chifukwa ndinkagula pamsika ngati ndili m'sitolo. Chakudya cha m'sitolo chimafika chitasankhidwa kale, chitauma, chitayezedwa. Pamsika ntchito zimenezi zimagwera wogula, ndipo ine sindinkazidziwa.

Loweruka loyamba la Disembala ndinagula beseni lathunthu la matimati kwa opikulitsa, chifukwa ukawerengetsa mtengo wake unali theka la wa pamulu. Onse anali ofiira psuu. Ndinawasiya m'majumbo awiri pansi pa tebulo, pafupi ndi phava la nthochi. Pofika Lachitatu pansi panali madzi okhaokha, ndipo theka tinataya. Banja ngati lathu limadya matimati anayi kapena asanu patsiku, kutanthauza 28 mpaka 35 pa sabata, ndipo onsewa sayenera kupsa tsiku limodzi. Tengani khumi ofiira a masiku awiri oyamba, khumi ongoyamba kufiira, otsalawo achikasu kapena obiriwira pang'ono. Mukafika kunyumba atulutseni m'jumbo nthawi yomweyo, chifukwa m'pulasitiki amachita thukuta n'kuyamba kuola. Ayaleni m'lichero osasanjikiza, kumene kunali tsinde kuyang'ane pansi, pamalo a mthunzi opita mphepo. Nthochi ndi mapeyala zikamapsa zimatulutsa mpweya umene umapsetsa zipatso zina msanga, choncho zikhale patali. Long'ambika ngakhale pang'ono liphikidwe tsiku lomwelo. Ngati mukugulabe beseni, pemphani kuti alikhuthulire m'beseni lina inu mukuona, chifukwa akuluakulu amakhala pamwamba, ofinyika pansi.

Kachewere ndi anyezi ndinaziika m'thumba limodzi, ndipo kachewere ndinayamba ndamutsuka kuti aoneke bwino. Zonsezi n'zolakwika. Kachewere sasungidwa wotsuka. Amafuna mdima ndi mpweya, m'dengu kapena m'katoni yoboola. Akaona kuwala amabiriwira, ndipo pobiriwirapo ndi pomera pali poizoni, pafunika kusenda mozama kapena kutayiratu. Anyezi wosunga ndi wouma khosi, wa makoko olira ukamugwira. Wa khosi lonenepa ndi lofewa satha sabata ziwiri. Masamba monga mpiru, repu, nkhwani ndi bonongwe sapirira kupitirira masiku awiri, choncho sagulidwa a sabata yonse. Amenewa tinayamba kugula pa mabenchi a m'dera lathu madzulo aliwonse. Pa zonse zamasamba, kabichi yekha ndiye amatha sabata.

Mu Januwale ndinavulala. Loweruka lina, pofuna kupulumutsa ya minibasi ndi kuwonjezera mtunda, ndinabereka chikwama cha makilogalamu sikisi, nyemba ndi mpunga, n'kuyamba kuthamanga chobwerera. Msewu wochoka ku Limbe kupita m'tauni ndi wotsetsereka, ndipo potsika ndi pamene bondo limalandira kulemera konse. Pa sitepe iliyonse katunduyo ankandimenya kumsana, ine n'kumapendeka osadziwa. Lolemba bondo lakumanzere linkapweteka kutsogolo ndikamatsika masitepe kapena kudzuka pampando. Kuchipatala anandiuza kuti ndipume. Zinanditengera masabata atatu osathamanga ndi enanso awiri oyenda mosinthana ndi kuthamanga pang'ono. Ndalama ya kuchipatala ndi mankhwala inaposa kutalitali ya minibasi imene ndinkaiumirira. Masabata amenewo ndinali wokwiyakwiya m'nyumba, ndipo ana ndi amene anazimva kwambiri.

Nditachira tinakonza zina. Ine ndimathamanga chimanjamanja, ndi foni m'kalamba ka m'chiuno ndi ndalama ya minibasi yokha. Bambo a ana ndi mwana wathu woyamba amakwera minibasi n'kundipeza pafupi ndi msika cha m'ma 7 koloko, atanyamula zikwama, malaya ouma, botolo la madzi ndi ndalama zogulira. Ang'onoang'ono awiri amatsala ndi achemwali anga, ife n'kuwagulirako zawo pa ulendo womwewo. Malaya oumawo musawaderere. Kuima pamsika maola awiri ndi zovala zonyowa ndi thukuta, makamaka mu Juni ndi Julayi chiperoni chikawomba, n'kudziputira chimfine. Ndalama zikhale zing'onozing'ono, za K500, K1,000 ndi K2,000, ndipo zigawidwe m'matumba awiri. M'mawa ogulitsa ambiri amakhala alibe chenje, ndipo kutulutsa mpukutu wa ndalama pagulu n'kuitana akuba. Opikulitsa ena amalandira Airtel Money kapena Mpamba, koma amapempha kuti muwonjezere yotapira, choncho funsani musanagwirizane mtengo. Pamsewu thamangani kudzanja lamanja kuti muziona galimoto zikubwera, ndipo muvale chowala. Mu Disembala kumacha cha m'ma 5 koloko, koma pakati pa chaka mdima umafika mpaka cha m'ma 6, ndiye miyezi imeneyo ndimanyamuka mochedwerapo kapena ndi anzanga awiri.

Febuluwale ndi Malichi anali miyezi ya mvula ndi matope. Tonse tinkakumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, pamene sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023, komabe tinachita mphwayi. Mwana wathu womaliza anadya chipatso chosatsuka kuchokera m'chikwama, ndipo anatsegula m'mimba masiku atatu. Sinali kolera, koma usiku umene ndinakhala ndikumumwetsa thanzi ORS ndinali ndi mantha aakulu. Kuyambira pamenepo, chilichonse chodyedwa chosaphika chimayamba chatsukidwa m'madzi othira mankhwala. Kachivindikiro kamodzi ka Waterguard kamakwana ndowa ya malita 20, ndipo madziwo adikire mphindi 30 musanawagwiritse ntchito. Zoyalidwa pansi penipeni, pamene madzi a mvula akudutsa, sitigula. Nyama ndi nsomba zimakhala m'chikwama chawochawo kuti madzi ake asadonthere pa zipatso.

M'miyezi yomweyo ndinazindikira za sikelo. Ndinagula makilogalamu asanu a nyemba pa msika wina, ndipo poyeza pa sikelo ya aneba zinakwana makilogalamu anayi ndi magalamu 200. Ndinaganiza za masabata onse amene ndinkagula osayeza, ndipo ndinapsa mtima. Tinagula kasikelo kopachika ka m'manja. Kukayesa n'kosavuta: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo paketi yosatsegula ya shuga ya kilogalamu imodzi imagwiranso ntchito yomweyo. Masikelo a malonda amayenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, koma si onse a pamsika amene anadutsa kumeneko. Onani kuti muvi uli pa ziro musanaikepo kanthu. Pogula ndi ndowa kapena chigoba, chitembenuzeni muone pansi, chifukwa china chimakhala chophwanyidwira m'kati kuti chizidzaza msanga. Ndowa ya malita 20 ya chimanga imalemera pakati pa makilogalamu 15 ndi 18, malinga ndi mmene yasefukira. Ogulitsa achilungamo, amene ndi ambiri, sakhumudwa ndi kasikelo kanu. Wina amachita kukuuzani yekha kuti yezani.

Kumapeto kwa Malichi tinawerengetsa. Titaphatikiza zoola, za kuchipatala kawiri, za minibasi ya anthu atatu ndi zobedwa pa sikelo, tinapeza kuti tawononga zochuluka kuposa mmene tikanawonongera ku sitolo. Bambo a ana anati tibwerere kumene tinachokera, ndipo ine ndinalibe choyankha. Tinagwirizana zoyesa miyezi ina iwiri, koma tikulemba chilichonse m'kope: chinthu, kuchuluka kwake, mtengo, tsiku limene chatha, ndi chimene tataya.

Chimene chinatembenuza zinthu ndi mayi wina wachikulire wogulitsa zamasamba, amene amabwera ndi katundu kuchokera ku Bvumbwe kusanache. Atandiona ndikuyang'ananso beseni la matimati anandifunsa kuti, "Kodi mayi, kwanuko muli ndi lesitilanti?" Ndinati ayi amayi, ndi banja chabe, ana atatu. Anati, "Ndiye lisiyeni beseni. Tengani milu isanu ndikusankhirani, ina yosapsa. Beseni mudzagule mu Seputembala, panopa mukungogula madzi." Anadzichepetsera malonda a tsiku limenelo, ndipo kuyambira pamenepo ndine kasitomala wawo. Kukhala ndi munthu mmodzi wa zamasamba, mmodzi wa nyemba ndi mpunga, mmodzi wa nsomba, kumaposa kuzungulira msika wonse kusaka wotsika mtengo. Amene amakudziwani amakusungirani zabwino, amakuuzani kuti izi zagona musatenge, amakuikirani banyira musanapemphe, ndipo tsiku la mavuto amakukongozani. Ngongole imeneyo ibwezedwe Loweruka lotsatira osaphonya. Kunenerera kuli ndi malo ake, pa thumba, pa ndowa, pa katundu wambiri. Koma kukanganira K50 pa mulu wa mpiru ndi mayi amene wadzuka 3 koloko usiku sindikuona kuti n'chilungamo, pamene ku sitolo yaikulu tinkalipira mtengo wolembedwa osatsutsa n'kamodzi komwe.

Kwa mayi omwewo ndi anzawo ndinaphunzira kuti chakudya chili ndi kalendala yake. Matimati amakwera mtengo m'nyengo ya mvula ndipo amatsika kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, a kudimba akachuluka. Mapeyala ndi a miyezi yoyambirira ya chaka, mbatata ndi mtedza zimachuluka pambuyo pa Epulo, manachesi a ku Mwanza amabwera m'nyengo yozizira, mango kuyambira Novembala. Kachewere wambiri ndi wa ku Tsangano ku Ntcheu ndi wa ku Dedza, nanazi ndi za ku Mulanje. Kufunsa kumene chinthu chachokera ndi tsiku limene chafika kumakuuzani kuti chikhala masiku angati m'nyumba mwanu.

Nyemba zatsopano zimapsa msanga ndipo zimapulumutsa makala. Zakale zimauma mtima, mungaziphike maola atatu osafewa. Lumani imodzi: yatsopano imadindika, yakale imaphulika ngati mwala. Tapani m'manja kuchokera pansi pa thumba muone ngati pali timabowo kapena tiufa, zizindikiro za anankafumbwe. Ife timagula za mtundu wa Kholophethe kapena Napilira, ndipo kilogalamu imodzi imatikwanira kudya katatu. Kuziviika usiku wonse kumachepetsa kwambiri nthawi yophika. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga umadziwika ndi fungo. Utikiteni m'manja n'kununkhiza, ndipo onani ngati mbewu zake zili zofanana kutalika, chifukwa pena umasakanizidwa ndi wotchipa. Yambani mwagula kilogalamu imodzi, mukaphike, kenako mudzagule wambiri.

Kutaya kwakukulu kunabwera mu Meyi 2024, pamene tinkaona ngati tadziwa zonse. Chaka chimenecho kunali ng'amba ya El Niño, ndipo mu Malichi Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anali atalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Aliyense ankadziwa kuti chimanga chidzakwera. Tinatenga ndalama zosunga n'kugula matumba sikisi a makilogalamu 50 kwa wogulitsa wa m'mphepete mwa msewu, pa K33,000 thumba. Tinayang'ana pamwamba pokha, tinaona choyera, tinamanga. Kunyumba tinasanjika matumbawo pa simenti, motsamira khoma. Patapita masabata atatu m'chipindamo munayamba fungo la chinyontho. Nditapisa dzanja pakati pa thumba lapansi ndinamva kutentha, ndipo chimanga chinatuluka chogwirana, chokutidwa ndi chuku chobiriwira. Matumba awiri, K66,000, tinakwirira m'dzenje. Aneba anapempha kuti tiwapatse adyetse nkhuku, tinakana, chifukwa chuku cha mtundu umenewu chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, amene saphedwa ndi kuphika, amawononga chiwindi cha munthu ndi cha chiweto, ndipo mwa ana amagwirizana ndi kupinimbira. Tsiku limenelo ndinalira, osati chifukwa cha ndalama yokha, koma chifukwa chotaya chakudya m'chaka chimene ena ankagona ndi njala.

Chimanga cha kumayambiriro kwa zokolola nthawi zambiri chimagulitsidwa chisanaumitsitse, ndipo chinyontho chimawonjezera kulemera, ndiye wogula amalipira madzi. Chosunga chimafunika chinyontho chosapitirira 13 peresenti. Popanda makina pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuluma: chouma chimathetheka, chonyowa chimadindika mano. Yachiwiri, yodalirika kuposa, ndi ya mchere. Tengani botolo lagalasi louma bwino, thiranimo chimanga mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, onjezani masipuni awiri kapena atatu a mchere umene mwaumitsa padzuwa kapena pamoto, tsekani, khutchumulani mphindi imodzi, n'kulisiya mphindi 15. Mchere ukamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Chimanga choyesacho chitapidwe pakati ndi pansi pa thumba, osati pamwamba. Ndipo thumba lililonse likhuthulidwe inu mukuona musanalipire.

Matumba anayi otsalawo tinawayanika masiku atatu pa lona, osati pa dothi, tikutembenuza maola awiri aliwonse ndi kulowetsa m'nyumba dzuwa likamapendeka. Tinapeta, n'kuchotsa zoola ndi zosweka. Kenako tinagula matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Musanathiremo chimanga, uzirani mpweya m'pulasitiki iliyonse muone ngati ilibe bowo. Mukathira, finyani mpweya wonse, potokolani kukamwa kwa pulasitiki yoyamba n'kumanga, kenako yachiwiri payokha, kenako saka payokha. Anankafumbwe amafa chifukwa chosowa mpweya, popanda kuthira mankhwala. Koma thumba limeneli siliumitsa chimanga, chonyowa chimaolera momwemo. Matumba akhale pa thandala la matabwa, osakhudza simenti kapena khoma, ndipo makoswe asafikepo, chifukwa bowo limodzi limathetsa ntchito yonse. Mu Juni tinagula matumba ena awiri obwezeretsa, pa mtengo wokwererapo.

Kuchigayo nakonso kuli masamu ake. Mukakonola chimanga kuti mupange ufa woyera, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi limapita ku madeya ndi potsuka. Mgaiwa sutaya kanthu ndipo umakhutitsa nthawi yaitali, zimene wothamanga amazimva m'miyendo, koma uli ndi mafuta a mtima wa chimanga, choncho umayamba kuwawa ukakhalitsa. Timagayitsa wa masabata awiri kapena atatu basi. Ufa umachoka kuchigayo uli wotentha, ndiye uyalidwe uzizire usanalowe m'ndowa yotseka. Kwa ife thumba limodzi limatha masabata asanu kapena sikisi, popeza masiku ena timadya mpunga kapena mbatata. Madeya musawasiye kuchigayo, oweta nkhuku amagula.

Zitachitika za chimanga ndinayamba kusamala mtedza, chifukwa poizoni wake ndi yemweyo. Ena amawaza madzi pa mtedza kuti usendeke mosavuta, ndipo chinyontho chimenecho ndi chimene chimabweretsa chuku. Timagula wosasenda, wa mtundu wa Chalimbana kapena CG7, woti ukaugwedeza uzilira m'kati. Ana amasenda Loweruka masana, ndipo anaphunzira kutaya wofwafwa, wosweka, wakuda ndi wowawa. Nsinjiro timasinja tokha, za sabata imodzi, chifukwa zogula zosinjasinja simudziwa kuti munalowa mtedza wotani.

Chakudya cha wothamanga chinapezeka m'zomwezi. Ndisananyamuke ndimadya nthochi imodzi ndi kumwa kapu ya madzi. Ndikafika ku Limbe, ola lisanathe, ndimadya mbatata yophika, mazira awiri owiritsa kapena mtedza wokazinga wodzaza dzanja, zonse zochokera kunyumba m'chikwama cha mwana. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala madzi okha sakwanira, ndiye ndimasungunula masipuni ang'onoang'ono sikisi a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi abwino. Chinanso chimene kope linaonetsa n'chakuti ndikalowa mumsika ndi njala ya pambuyo pothamanga ndimagula zosafunika. Idyani kaye, kenako tulutsani pepala la zogula.

Seputembala atafika tinagula beseni lija la matimati, awiri kumene. Loweruka limenelo sindinathamange mtunda wautali, chifukwa ntchito yake ndi ya tsiku lonse. Tinatsuka, kudula, n'kuphika m'poto wamkulu pa mbaula mpaka madzi atatha theka, kuthira mchere pang'ono, kuziziritsa, n'kugawa m'timabokosi ta chakudya chimodzichimodzi m'furiji youmitsa. Magetsi akazima, furiji yodzaza imasunga kuzizira nthawi yaitali kuposa yopanda kanthu, bola osatsegulatsegula, ndipo mipata timatseka ndi mabotolo a madzi oundana. Ena tinawadula mopyapyala n'kuwayanika padzuwa pa thandala, titawaphimba ndi kaneti kotchinga ntchentche. Masamba a nkhwani ndi khwanya nthawi yake ikakwana timapanga mfutso: kuwaviika m'madzi owira mphindi zochepa, kuyanika mpaka azithetheka, n'kusunga m'chotengera chouma. Mu Januwale, matimati atakwera, tinkangotsegula kabokosi.

Za nsomba ndinaphunzira mochedwa. Chambo chabwino chili ndi maso owala, makha ofiira, ndipo ukadina mnofu umabwerera. Cha maso olowa ndi mimba yofewa chisiyeni ngakhale atsitse mtengo. Mu Novembala ndi Disembala kunyanja amatseka usodzi wa makoka ena kuti nsomba ziswane, ndiye chambo chimasowa n'kukwera, ndipo tiana ta chambo timene timapezeka mobisa nthawi imeneyo sitigula. Usipa ndi matemba ouma bwino amathyoka, sapindika. Nunkhizani: fungo la mafuta owola kapena la mankhwala likutanthauza kuti musagule. Gwedezani mulu m'manja muone mchenga ndi tiufa. Nyama timagula m'mawa ku butchala imene imapachika nyama ya chidindo cha oyeza ziweto. Mazira okayikitsa aikeni m'madzi, labwino limagona pansi, loyandama n'lotaya.

Sitolo sitinaisiyiretu, ndipo amene angakuuzeni kuti zonse zimatchipa pamsika sanalembe m'kope. Mafuta ophikira, shuga ndi mchere timagula zomata, za chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, ku golosale ya m'dera lathu kapena kwa ogulitsa zambiri nthawi imodzi. Shuga ndi mafuta za m'dziko muno zimayenera kukhala ndi vitamini A, mchere ukhale ndi ayodini. Mafuta oyezera m'timabotolo amene akhala padzuwa tsiku lonse amataya vitaminiyo, komanso simudziwa chimene asakanizamo. Sopo, mankhwala otsukira mano ndi mkaka wa ufa nthawi zina zimatsika ku sitolo yaikulu, ndiye timapitako kamodzi pa miyezi iwiri, ndi pepala, popanda ana. Nsapato zothamangira ndimagula pa kaunjika, koma ndimazipinda ndi kudina pansi pake, chifukwa yooneka bwino pamwamba imatha kukhala yofa kale mphira, ndipo bondo lija silinandiiwalitse.

Mtengo wina umene suoneka m'kope ndi nthawi. Loweruka limayamba 5 koloko, timafika kunyumba cha m'ma 10, ndipo pamakhala ola lina losankha, kuyala ndi kulemba. Pobwerera timalipira mpando wa katundu m'minibasi. Ana poyamba ankadandaula, makamaka woyamba amene anataya tulo ta Loweruka. Tinamupatsa udindo wa kasikelo ndi kope, ndipo pano ndi iye amene amanena kuti nyemba zakwera ndi zingati kuyambira mwezi watha. Sabata imene kuli maliro, ukwati kapena mwana wadwala, sitikakamira, timagula zochepa pa mabenchi a pafupi n'kudikira Loweruka linalo. Pofika Disembala 2024 kope linkaonetsa kuti pa zakudya zomwezo, titachotsa za minibasi, tinkawononga zochepera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi mitengo ya ku sitolo ya mwezi womwewo. Zotaya zinatsika kufika pa matimati awiri kapena atatu pa sabata.

Thumba lomaliza la PICS tinalitsegula kumayambiriro kwa Febuluwale 2025, pamene chimanga pamsika chinali chitakwera kupitirira kawiri mtengo umene tinagulira. Ndinamasula zingwe zitatu mtima uli m'mwamba, n'kupisa dzanja mpaka m'chigongono. Chinali chozizira, chouma, cholira m'manja, chopanda bowo ngakhale limodzi. Tinapungulako ndowa imodzi ya achemwali anga, chotsalacho bambo a ana anapita nacho kuchigayo Lolemba m'mawa.